Phodo la ku China: kumene linachokera ndi mmene amisiri akulisokeranso lero

Munthu amene akufuna kuvala ngati msilikali wakale wa ku China pa chionetsero chokumbutsa mbiri, akapita kwa mmisiri wa zikopa kukapempha kuti amusokere phodo, amayamba wafunsidwa mafunso asanauzidwe mtengo. Mmisiri wodziwa ntchito yake amafuna kumva kaye kuti phodolo ndi la m'zaka ziti, ndi la msilikali woyenda pansi kapena wokwera kavalo, ndiponso lidzanyamula mivi yotani. Mafunsowa ali ndi chifukwa chake, pakuti mbiri yolembedwa ya dziko la China imapitirira zaka 3,000, ndipo m'zaka zonsezo chotengera mivi chinasintha maonekedwe kangapo konse. Chinayamba ngati kabokosi kosatseka pamwamba, kenaka chinakhala chachitali ndi chotsekeka, ndipo pomalizira pake chinasanduka kachikwama kafupi kophwatalala komwe mivi imangobisamo mitu yokha. Kusintha kulikonse kunabwera chifukwa chakuti kamenyedwe ka nkhondo kanali katasintha, choncho amene akusoka phodo lero popanda kudziwa ntchito imene linkagwira amatulutsa chinthu chokongola m'maso koma chovuta kuchigwiritsa ntchito.

Phodo lakale kwambiri limene timalidziwa ndi limene Atchaina ankalitcha fu, ndipo chithunzi chake chimapezeka kale pa zilembo zolembedwa pa mafupa olosera a mu ufumu wa Shang, pomwe chimaonetsa mivi itaimikidwa m'chotengera mitu ili pansi. Mu ufumu wa Zhou, womwe unatsatira, kuponya mivi ndi kuyendetsa galeta zinali m'gulu la maluso asanu ndi limodzi amene mwana wa banja lolemekezeka ankayenera kuphunzira, ndipo ndakatulo ina ya m'buku lakale la Shijing imatchula uta wokhala ndi minyanga ya njovu kunsonga kwake pamodzi ndi phodo la chikopa cha nsomba. Ankhondo apamwamba a nthawi imeneyo ankamenya nkhondo ali chiimire m'galeta, motero mivi inkatha kukhala m'kabokosi komangiriridwa ku galetalo, ndipo panalibe chifukwa chodera nkhawa za kulemera kwake.

Umboni wogwirika unachuluka kuyambira mu 1974, pamene alimi amene ankakumba chitsime pafupi ndi mzinda wa Xi'an anatulukira asilikali oumbidwa ndi dothi amene anakwiriridwa pafupi ndi manda a mfumu Qin Shi Huang, yomwe inamwalira m'chaka cha 210 Khristu asanabadwe. M'maenje amenewo munapezeka mitu ya mivi yamkuwa yoposa 40,000, ndipo yambiri inali m'mitolo ya pafupifupi 100, zomwe ofufuza amakhulupirira kuti mtolo uliwonse unali katundu wa phodo limodzi. Maphodo enieniwo anaola kalekale chifukwa anali opangidwa ndi zinthu zosakhalitsa m'nthaka, koma limodzi mwa magaleta awiri amkuwa amene anafukulidwa pamalopo mu 1980 lili ndi zotengera mivi zosulidwa ndi mkuwa, pamodzi ndi uta wopingasa pa mpini womwe umafyatuka munthu akakoka kachitsulo. Tiziboliboli tadothi ta asilikali a mu ufumu wa Han tomwe tinapezeka ku Yangjiawan timaonetsa ena atabereka kumsana chotengera mivi cha ngodya zinayi. Mfundo imeneyi ndi yofunika kwa ochita zionetsero, chifukwa phodo la kumsana lili ndi malo ake m'mbiri ya China, koma malo akewo ndi pa msilikali woyenda pansi wa nthawi yakale kwambiri. Kuliveka msilikali wa pa kavalo wa m'zaka za m'ma 1700 ndi kusakaniza zinthu zimene zatalikirana ndi zaka pafupifupi 2,000.

Chimene chinasintha zonse ndi kavalo. M'chaka cha 307 Khristu asanabadwe, mfumu Wuling ya dziko la Zhao inalamula kuti ankhondo ake avale zovala za anthu osamukasamuka a kumpoto ndi kuphunzira kuponya mivi ali pa kavalo, ndipo akuluakulu ambiri a m'bwalo lake anatsutsa lamulolo poliona ngati lochotsa ulemu. Kuyambira nthawi imeneyo, zida zambiri za woponya mivi wa ku China zinkatengedwa kwa anthu oweta ziweto a m'zigwa zazikulu za udzu, kapena kukonzedwa pofuna kulimbana nawo. Munthu amene ali pa kavalo wothamanga ali ndi mavuto amene wa m'galeta sawadziwa. Thupi lake limadumphadumpha, choncho mivi ikakhala yolekerera imagwa kapena kuchita phokoso. Dzanja lamanzere lagwira uta, ndipo lamanja liyenera kupeza muvi maso asanachoke pa mdani kapena pa nyama. Kuwonjezera apo, kaponyedwe ka ku Asia kamakoka nsinga ndi chala chachikulu chovekedwa mphete, ndipo muvi umagona kudzanja lamanja la uta, motero malo oyenera a phodo anakhala m'chiuno chakumanja, pamene chikwama cha uta chinapita kumanzere. Manda amene anafukulidwa mu 1995 ku Niya, m'chipululu cha ku Xinjiang, anasunga bwino uta ndi chikwama chake chachikopa chokhala ndi zotengera mivi zosokeredwa pomwepo, chifukwa mchenga wouma suwoletsa chikopa. Kapangidwe kophatikiza uta ndi mivi m'chonyamulira chimodzi kanali kofala pakati pa okwera akavalo a pakati pa Asia kuyambira nthawi ya Asikuti, anthu akale osamukasamuka a m'zigwa za udzu.

Mu ufumu wa Tang, womwe unalamulira kuchokera mu 618 mpaka 907, phodo lodziwika linali lotchedwa hulu, lomwe ndi lofanana ndi la anthu a mtundu wa Turk amene ankakhala kumpoto. Limeneli ndi lalitali mofanana ndi muvi wonse, lopanikizika pakhosi ndi lotakasuka kumunsi, ndipo mivi imalowamo mitu ili m'mwamba. Munthu akaliona koyamba amadabwa ndi kutakasuka kwa kumunsiko, koma chifukwa chake n'chosavuta: kumeneko n'kumene kuli nthenga, ndipo nthenga zimafuna malo kuti zisathithikane. Pakamwa pake pamakhala potseguka mbali imodzi, nthawi zina ndi kachivindikiro, kotero kuti mwini wake amaona mitu ya mivi ndi kusankha umene akufuna. Ubwino wake waukulu ndi wakuti mvula, chipale ndi fumbi sizifika pa nthenga kapena pa ulimbo umene wazimata, chinthu chofunika kwambiri kwa msilikali amene akhala miyezi ali m'njira. Mbiri ya boma ya ufumu wa Tang imanena kuti msilikali aliyense wa m'magulu otchedwa fubing ankayenera kukhala ndi uta umodzi, mivi 30, hulu ndi lupanga, pamodzi ndi zinthu zina zing'onozing'ono monga mwala wonolera.

Chithunzi chimene amisiri ambiri amadalira posoka hulu ndi chosema cha pamwala cha kavalo wotchedwa Saluzi, mmodzi mwa akavalo asanu ndi mmodzi amene anasemedwa pa manda a mfumu Taizong ku Zhaoling. Chosemacho chimaonetsa mkulu wa nkhondo Qiu Xinggong akuzula muvi pa chifuwa cha kavalo wa mfumuyo, zomwe zinachitika pa nkhondo ya pafupi ndi Luoyang mu 621, ndipo m'chiuno mwake mukulendewera phodo looneka bwino lomwe, ndi malamba ake ndi kupendekeka kwake. Mwalawo ndi umodzi mwa iwiri imene ili ku Penn Museum mumzinda wa Philadelphia, pamene ina inayi mwa miyala isanu ndi umodziyo ili ku Xi'an. Zojambula za pakhoma m'manda a kalonga Zhanghuai zimaonetsanso alonda atanyamula zikwama za mauta zokutidwa ndi zikopa za akambuku. Ndipo katswiri wina wa mu ufumu wa Song, Shen Kuo, analemba m'zaka za m'ma 1000 kuti asilikali akale ankatsamira phodo la chikopa cha ng'ombe pogona, chifukwa mphako yake inkakweza mgugu wa anthu ndi akavalo amene akali kutali. Mawu amenewa amathandiza mmisiri kuposa mmene angaganizire woyamba kuwamva, popeza akusonyeza kuti chotengeracho chinali cholimba mosaphwanyika ndi mutu wa munthu.

Pang'ono ndi pang'ono phodo lotsekeka linayamba kuchepa, ndipo pofika mu ufumu wa Ming, womwe unayamba mu 1368 utagwetsa ulamuliro wa Amongolia, lotseguka ndi limene linali litafala. Phodo ndi chikwama cha uta zinkatchulidwa pamodzi kuti sadai, dzina lochokera ku Chimongolia, ndipo zinkasokedwa ngati zinthu ziwiri zoyendera limodzi pa lamba mmodzi. Apa mivi inatembenuzidwa: mitu inapita pansi, nthenga zinatulukira kunja chakumbuyo kwa wokwera, ndipo chitetezo cha ku mvula chinasinthanitsidwa ndi liwiro lotulutsira muvi.

Phodo limene likusokedwa kwambiri masiku ano ndi la Amanchu, amene analanda Beijing mu 1644 ndi kulamulira ngati ufumu wa Qing mpaka 1912, ndipo kuti munthu alimvetse ayenera kuyamba ndi muvi wawo. Amanchu anali alenje a nyama zikuluzikulu a kumpoto chakum'mawa, ndipo uta wawo unali waukulu, wa makutu aatali olimba, wopangidwira kukankha muvi wolemera pa mtunda waufupi kuti ulowe mwakuya. Muvi wotere unkafika pafupifupi mita imodzi, thunthu lake linali lonenepa, ndipo nthenga zake, zomwe kawirikawiri zinali za mbalame zazikulu monga ziombankhanga, zinali zazitali kwambiri. Chotengera chobisa muvi wonse woterowo chikanakhala chimtolo chosautsa pa kavalo. Amanchu anachita zosiyana ndi zimenezo, pakuti phodo lawo, lomwe m'chinenero chawo ndi jebele, nthawi zambiri silifika ngakhale gawo limodzi mwa magawo atatu a utali wa muvi.

Funso limene aliyense amafunsa akaliona n'lakuti mivi yaitali chonchi ikukhala bwanji m'kachikwama kafupi osagwa. Yankho lili m'kati. M'phodomo mumaikidwa mapepala ochindikala a ubweya wa nkhosa wopanikiza, ambiri ofiira, atathinana kwambiri, ndipo mutu wa muvi uliwonse umalowetsedwa pakati pa mapepalawo ndi kugwidwa mwamphamvu. Chifukwa cha zimenezi mivi siikhudzana, siichita phokoso pamene mlenje akuyandikira nswala, ndipo imayanzika kumbuyo kwa wokwera ngati mchira wa nkhukutembo, nthenga za muvi uliwonse zili pazokha. Kumbuyo kwa phodo kumakhala timatumba tapadera, kawirikawiri titatu, tomwe pa maphodo ena timalumikizidwa ndi timahinjesi tachitsulo, ndipo kutsogolo kumakhala ming'alu yodulidwa m'chikopa kapena timalamba topingasana. Malo amenewa ndi a mivi yapadera, makamaka mivi yolira, yomwe ili ndi chibulunga cha fupa, nyanga kapena mtengo chobooledwa kuti chiziimba mluzu muvi ukamauluka. Mutu wotupa chotero sungalowe pakati pa ubweya wothinana, ndiponso mlenje amafuna kuupeza ndi dzanja lokha osayang'ana.

Za phodo la Qing tikudziwa zambiri chifukwa boma lenilenilo linalemba malamulo ake. Buku la Huangchao liqi tushi, lomwe linamalizidwa mu 1759 molamulidwa ndi mfumu Qianlong ndi kusindikizidwa mu 1766, lili ndi zithunzi ndi mafotokozedwe a zovala ndi zida za m'boma monga mwa udindo wa munthu, kuphatikizapo maphodo ndi mitundu yambiri ya mivi, ndipo ena mwa masamba ake ojambulidwa pamanja ali ku Victoria and Albert Museum ku London. Palinso zojambula za Giuseppe Castiglione, m'bale wa chipani cha Ajezuiti wochokera ku Italy amene anatumikira m'nyumba ya mfumu ku Beijing mpaka imfa yake mu 1766. Iye anajambula Qianlong ali pa kavalo atavala zankhondo, komanso ankhondo monga Ayusi ndi Machang, mosamala kwambiri moti munthu amatha kuwerenga mivi ndi kuona mmene malamba akokera phodo. Mafumu a Qing ankaona uta ngati chizindikiro cha Umanchu wawo, n'chifukwa chake mfumu Kangxi inakhazikitsa malo osakira nyama a Mulan mu 1681, komwe ulenje waukulu unali ngati maphunziro a nkhondo.

Mfuti zitapambana, luso lonseli linatsala pang'ono kufa. Mayeso a usilikali amene ankayesa anthu kuponya mivi ali pansi ndi pa kavalo anathetsedwa mu 1901, ndipo amisiri a mauta anayamba kutseka malo awo mmodzimmodzi. Ku Beijing kunatsala malo amodzi otchedwa Ju Yuan Hao, ndipo nawonso anakhala zaka pafupifupi 40 osapanga mauta mpaka pamene Yang Wentong anayambiranso mu 1998 ndi kuphunzitsa mwana wake Yang Fuxi. Mu 2006 luso lawo linaikidwa pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe chotetezedwa ndi boma. Cha nthawi yomweyo Stephen Selby anatulutsa ku Hong Kong, mu 2000, buku lomasulira zolembedwa zakale za kuponya mivi, ndipo kuyambira cha mu 2003 achinyamata a ku China anayamba kuvalanso zovala zamakolo zotchedwa hanfu. Anthu ovala chonchi ankafuna uta, ndipo wokhala ndi uta posakhalitsa amafuna poika mivi. Umu ndi mmene ntchito yosoka maphodo pamanja inabwererera, ku China komweko ndiponso pakati pa okonda mbiri ku Ulaya ndi ku America.

Mmisiri wosamala amayamba ndi patani ya katoni, yomwe amaiyesa m'chiuno mwa mwini wake ndi mivi yake yeniyeni asanadule chikopa. Chikopa choyenera ndi cha ng'ombe chofufutidwa ndi makungwa a mitengo, chifukwa chikanyowetsedwa chimalola kuumbidwa ndipo chikauma chimasunga maonekedwewo. Chofufutidwa ndi mankhwala a chrome, chomwe ndi cha m'mafakitale a m'zaka za m'ma 1800 kupita m'tsogolo, chimakhala chofewa ndipo phodo lake limalefuka. M'mphepete ndi pansi pamaikidwa kamtengo kosemedwa kamene kamapatula zikopa ziwiri za kutsogolo ndi kumbuyo ndi kupereka mpata wa ubweya. Posoka, mmisiri amaboola kaye mabowo ndi chitsulo chosongoka, kenaka n'kudutsitsa singano ziwiri pa bowo lililonse, ina kuchokera uku ina kuchokera uko, ndi ulusi wopakidwa phula. Msoko wotere ukaduka pamalo amodzi sumasuka wonse monga umachitira wa makina. Zitsulo zokongoletsa, zomwe pa maphodo akale zinali zachitsulo kapena zamkuwa ndipo zina zokutidwa ndi golide kapena siliva, zimadulidwa pa chitsulo chophwatalala kapena kusungunulidwa m'chikombole. Zambiri mwa izo zili ndi ntchito yake, pakuti zimakhala pa ngodya zimene zimaperepeseka ndi pamalo pamene malamba amakoka.

Pali zinthu ziwiri zimene zimasiyanitsa phodo logwira ntchito ndi longoonetsa, ndipo zonse sizioneka pa chithunzi cha wogulitsa. Choyamba ndi kuthina kwa ubweya. Mivi ya masiku ano ya carbon ndi yowonda, yopepuka ndi ya mitu ing'onoing'ono, motero ubweya woikidwa molingana ndi mitu yotakata ya mivi yakale suigwira, ndipo munthu akangothamanga pang'ono mivi imabalalika. Ubweya ukathina mopitirira, phodo lonse limanyamuka pamodzi ndi muvi pousolola. Chachiwiri ndi utali wa timalamba tiwiri tolendeweretsa phodo ku lamba wa m'chiuno, chifukwa kusiyana kwa utali wake n'kumene kumapendeketsa mivi. Ikaima chilili imagunda chigongono pokoka nsinga, ndipo ikagona kwambiri imakhudza msana wa kavalo kapena kukola anthu oyandikana nawo pa mzere. Mmisiri wabwino amasiya mabowo angapo pa timalambati kuti mwini wake akonze yekha atayesa.

Vuto lalikulu, m'kuona kwanga, lili pa zitsanzo zimene zinapulumuka. Maphodo amene ali m'nyumba zosungiramo zinthu zakale ndi a mafumu, akalonga ndi akuluakulu a nkhondo, okutidwa ndi veleveti kapena silika wopetedwa, chifukwa ndi amene anthu ankawasunga mosamala. A msilikali wamba anagwira ntchito mpaka kutha ndipo anatayidwa. Zotsatira zake n'zakuti pa zionetsero pamapezeka anthu ovala ngati asilikali wamba a m'magulu asanu ndi atatu a mbendera a nkhondo ya Amanchu, koma m'chiuno muli phodo loyenera mfumu. Mu ufumu wa Qing zimenezi sizikanatheka, chifukwa mtundu wachikasu chowala ndi chinjoka cha zikhadabo zisanu zinali zosungidwira mfumu ndi a m'banja lake, ndipo munthu wamba wopezeka nazo akanakhala pa mlandu. Phodo la chikopa chakuda chopanda zambiri, lokhala ndi zitsulo zochepa, ndi limene lili pafupi ndi choonadi kwa ochita zionetsero ambiri, ngakhale kuti ndi limene ogula salifuna kwenikweni.

Pali pena pomwe kutsatira zakale ndendende n'kosaloleka. Nthenga za ziombankhanga, minyanga ya njovu ndi zikopa za akambuku zili pansi pa malamulo oteteza nyama, kuphatikizapo pangano la mayiko la CITES, choncho amisiri amagwiritsa ntchito nthenga za atsekwe kapena za mbalame zina zoweta, fupa la ng'ombe, ndi chikopa chojambulidwa mawanga. Pa hulu la nthawi ya Tang vuto ndi lina: ambiri amene anapezeka m'manda a m'zigwa za kumpoto anali a khungwa la mtengo wa birch, lomwe limasendeka bwino kumayambiriro kwa chilimwe kokha ndipo silipezeka paliponse, motero amisiri ambiri amaumba chikopa chonyowa pa chikombole chamtengo m'malo mwake. Popeza chosema cha pamwala chimangoonetsa kunja, zam'kati monga pansi pake ndi kamangidwe ka khosi zimatengedwa ku zotsalira za m'manda a anthu a mtundu wa Turk ndi oyandikana nawo, ndipo mmisiri woona mtima amauza wogula kuti mbali iyi yachokera pa mwala wa ku Zhaoling, iyi yachokera ku zofukulidwa, ndipo iyi ndi yongoganizira kuti igwire ntchito.